Tebulo la DIYnamics: limaonetsa kukhota kwa madzi, koma pansi potsetsereka mudzipangira nokha

Tebulo lozungulira la DIYnamics, lomwe anakonza akatswiri a pa yunivesite ya UCLA ku America, ndi mbale yozungulira ya kukhitchini yotambalala masentimita pafupifupi 40, yokankhidwa m'mbali ndi katayala ka mota ya zoseweretsa ana za LEGO yoyendera mabatire. Pamwamba pake mumakhazikapo beseni. Kwa mphunzitsi wofuna kuonetsa chifukwa chimene madzi a mtsinje akalowa m'nyanja yamchere amakakamira kugombe m'malo momwazika, chipangizochi n'chokwanira. Kwa wofuna manambala odalirika, ayi.

Thirani m'beseni madzi akuya masentimita 8 osungunuliramo magalamu 10 a mchere pa lita iliyonse. Yatsani mota n'kudikira mphindi 10 kuti madzi onse azungulire limodzi ndi beseni. Ambiri amapupuluma apa, ndipo utoto umangopakika ponseponse. Kenako donthezani madzi opanda mchere, othira utoto wa chakudya, pafupi ndi khoma, kudzera m'kachubu ka dilipi kokhala ndi siponji kumapeto. Botolo lake likhale patebulo pomwepo, apo ayi chubu chipotana.

Tebulo likamazungulira motsutsana ndi mivi ya wotchi, mzere wa utoto umayenda khoma lili kumanja kwake, monga amachitira madzi otuluka ku Chesapeake Bay, kugombe la kum'mawa kwa America. Mukatembenuza, khoma limakhala kumanzere, ndipo ndi mmene madzi a Zambezi, ophatikizana kale ndi a Shire, amakhotera cha kumpoto chakum'mawa motsata gombe la Mozambique. Izi zimaoneka bwino lomwe. Pa liwiro la maulendo 10 pa mphindi, mzerewo umakhala wopyapyala, sentimita imodzi kapena awiri, ndipo kutsogolo kwake kumathamanga masentimita awiri kapena atatu pa sekondi.

Vuto lili pansi. Beseni la pansi pafulati ndi khoma loimirira limangoonetsa theka la nkhani, chifukwa gombe lenileni limatsetsereka. Steven Lentz ndi Karl Helfrich a ku bungwe lofufuza za nyanja la Woods Hole ku America anaonetsa mu 2002 kuti pansi pakatsetsereka pang'onopang'ono, madzi opanda mcherewo, omwe ndi opepuka, amafika mpaka pansi, mzere umatambalala, ndipo kutsogolo kwake kumayenda mochedwa. Liwiro limalamulidwa ndi kutsetserekako: pansi potsika sentimita imodzi pa masentimita 10 aliwonse, ndi mchere uja komanso kuzungulira komweko, liwirolo silifika ngakhale theka la sentimita pa sekondi. Kuti muone zimenezi muyenera kupeza mbale yaikulu yolowa pakati n'kuimata m'beseni, pakatikati penipeni. Ikasendera mbali imodzi, madzi amazama mosiyana ndipo mzere umaduka n'kupanga timikombero tomwe wophunzira angaganize kuti n'tachilengedwe.

Pali china chimene anthu amachiiwala. Madzi ozungulira amakwera m'mphepete n'kutsika pakati. Pa maulendo 10 pa mphindi, masentimita 18 kuchokera pakati, amakwera milimita pafupifupi imodzi kuposa pomwe anali tebulo litaima. Pa khoma loimirira izi zilibe kanthu, koma pa gombe lotsetsereka ngati lija zimasuntha malire a madzi ndi sentimita pafupifupi imodzi. Lembani malirewo tebulo likuzungulira, osati litaima.

Mota ndiyo yofooka kwambiri. Mabatire akayamba kutha liwiro limatsika pang'onopang'ono, madzi amapitirira beseni, ndipo pansi potsetsereka kusiyana kochepako kumayambitsa kuyenda kwa madzi kofanana mphamvu ndi komwe mukufuna kuyeza. Katayala kakanyowa kamaterereka. Gwiritsani ntchito mabatire atsopano, pukutani m'mbali mwa mbale, ndipo werengani nthawi ya maulendo 10 musanayambe komanso mukamaliza. Yang'ananinso kuti tebulo lakhazikika mosapendekeka, ndipo zimitsani fani. Madzi a utoto akhale ofunda mofanana ndi a m'beseni, chifukwa ozizira amalemera ndipo amachepetsa kusiyana kumene mchere wabweretsa.

Foni yojambulira imangiriridwe kutebulo kuti izungulire nalo, poti wojambula ali chiimire amangoona chizungulire. Ofuna kuyeza molondola amapita ku matebulo ngati la Coriolis ku Grenoble, France, lotambalala mamita 13. La DIYnamics ndi la m'kalasi, ndipo ntchito yovuta, yopanga pansi potsetsereka, limakusiyirani inuyo.