Sukulu ya madiraiva ya ku Kapata mu Chipata: amaphunzitsa bwino, koma mayi alowe atakonzeka

Ndinalembetsa pa sukuluyi mu Juni nditatopa ndi kabuthu ka mobile money. Zaka zinayi ndili m'kabokosi ka malata, kuwerenga ndalama za eni ake kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, malipiro ake ongothera lendi. Ndili ndi satifiketi ya giredi 12. Mlongo wanga analekera giredi 9, koma amayendetsa motoka ya bungwe lina, amalandira alawansi akapita ku Lundazi, ndipo amamulipirira NAPSA, thumba la penshoni. Ndinadziuza kuti chiongolero sichifunsa ngati wavala chitenje.

Ndinalipira K2,800 ya masabata anayi, kupatula za ku RTSA, bungwe la boma lopereka malaisensi. Tsiku loyamba lomwelo ndinakhumudwa. Mtsikana wa pa desiki, mkazi mnzanga, anandiyang'ana n'kunena kuti, "Amayi, tengani ya automatic, ndiyo amatenga azimayi." Ndinakana. Motoka zambiri zopita kumidzi ndi za magiya, ndiye ndikanaphunzira automatic ndani akanandilemba? Ndikuganiza kuti sananene mwachipongwe. Anangozolowera kuti mayi akabwera, ndiye kuti akufuna kumapereka ana kusukulu pa motoka ya amuna ake.

Chomwe chinandisunga ndi mphunzitsi wanga, bambo wa imvi amene anayendetsapo malole pa Great East Road zaka zambiri. Motoka yake ndi Corolla yakale, mpando wong'ambika, koma klachi yake ndi yabwino. Bamboyu sakalipa. Motoka ikazima pakati pa Umodzi Highway, anyamata a njinga zamoto akuimba mabelu ndi kukuwa, iye amangoti, "Mwana wanga, pumani kaye. Msewu si wa bambo awo." Anandisunga pa chitunda masiku atatu athunthu mpaka phazi linadziwa lokha pamene klachi imagwirira. Anandiphunzitsanso kuona oilo, kuthira madzi ndi kusintha tayala, zomwe sizili pa mtengo uja. Anati, "Inu adzakuyesani kawiri kuposa mwamuna, ndiye dziwani kawiri." Mawu amenewo ndinapita nawo kunyumba.

Zoipa zilipo. Amalowetsa ophunzira anayi m'motoka imodzi, ndipo ola langa linkadyedwa ndi anyamata amene ankathamangira kutsogolo ine ndisanatsegule chitseko. Nditadandaula ku ofesi m'pamene zinasintha. Chimbudzi ndi chimodzi, chopanda loko.

Laisensi ndinatenga ulendo woyamba. Kuyambira pamenepo ndapereka makalata malo atatu, ndipo awiri anandiitana. Palibe amene anandipatsa kiyi kuti aone mmene ndimayendetsera. Mafunso anali akuti ndili ndi ana angati, ndikufunanso wina kapena ayi, amuna anga angalole kuti ndikagone ku Mambwe ndi gulu la abambo. Mlongo wanga ali ndi ana asanu, sanafunsidwepo zimenezi. Lamulo la ntchito la 2019, Employment Code Act, limapatsa mayi masabata 14 a tchuthi cha uchembere ndi tsiku limodzi pamwezi lija timati Mother's Day, ndipo limaletsa tsankho polemba ntchito. Koma pa mpando uja ndinaona kuti masabata amenewo akuwawerengera pamutu panga ndisanalembedwe n'komwe.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi anzanga a m'mabuthu. Wina anati ndataya ndalama yomwe ndikanagulira belo la salaula. Wina anati banja langa litha. Sindiwada ayi. Aona atsikana a madipuloma akugulitsa tomato ku Saturday Market, ndiye anaphunzira kusayembekezera zambiri kuti mtima usawawe. Timanyadira kuti mu 2021 amayi Mutale Nalumango anakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, amayi Nelly Mutti n'kukhala Sipikala wa Nyumba ya Malamulo, komabe tikakhala pansi timauzana kuti ntchito zathu ndi saluni, buthu, kusoka ndi kugwira m'nyumba za anthu. Ndinafunsa ku ofesi ya sukuluyi ngati amalumikiza ophunzira ndi olemba ntchito. Amatero, koma mayina omwe amatumiza ndi a anyamata, ati ndiwo amafunidwa.

Pakali pano ndikadali m'buthu. Loweruka ndimayendetsa kavani ka amalume kukatenga nshawa ku Katete, ndipo pa rodibuloko apolisi ayamba kundidziwa. Mayi amene akufuna kulowa sukuluyi ndingamuuze kuti apite, apemphe bambo wa imvi uja, akane automatic, ndipo atenge nthawi ya 6 koloko m'mawa pamene anyamata sanadzuke. Mmodzi wa anzanga aja wandifunsa kale mtengo, mwakachetechete, ena atapita kukagula nsima.