Kusiyana kwa oyilo wa chidindo cha API ndi oyilo wongodzichemerera

Zigubu ziwiri za oyilo wa injini, zonse za makampani osatchuka, zonse zolembedwa 5W-30. Mutenga chiti? Manambalawo asakunamizeni: amangonena mmene oyiloyo amayendera kukazizira komanso injini ikatentha, osati ubwino wake.

Tembenuzani chigubu choyamba. Kumbuyo kuli chidindo chozungulira cha American Petroleum Institute (API), bungwe la za mafuta la ku America, pamwamba pake palembedwa API SP, muyezo wa injini za petulo womwe unayamba mu 2020. Chidindochi sichiikidwa mwachisawawa. Kampani imatenga chilolezo, dzina la oyiloyo limalowa mumndandanda wa API womwe aliyense atha kuuona pa intaneti, ndipo bungweli limagula zigubu pamsika n'kumayeza ngati zamkatimo zikugwirizana ndi zolembedwazo. Akamberembere amatha kukopera chidindo, choncho dzinalo lifufuzeni ndithu.

Chachiwiri chilibe chidindo. Changolembedwa kuti oyiloyu akukwaniritsa muyezo wa API. Wanena ndani? Mwini malonda yekha. Mwina ndi wabwinodi, koma palibe womuikira umboni. Ngati palembedwa SA kapena SB, musiyeni pomwepo, imeneyo ndi miyezo yakalekale yosayenera injini zamakono.

Miyezo ya ACEA, bungwe la opanga magalimoto ku Ulaya, ndiyovutirapo, poti kampani imadzichitira yokha umboni. Pamenepo ine ndimafunanso chivomerezo cha wopanga galimoto, monga MB 229.5 ya Mercedes-Benz kapena VW 504 00 ya Volkswagen.

Ndingatenge choyambacho mosakayika, bola muyezo wake ukhale womwe buku la galimotoyo likufuna.