Penti yopopera ya m'zitini: nyenyezi zitatu pa zisanu, koma wogulitsayo sindikumupatsa ngakhale imodzi

Ndinagula zitini zitatu za siliva, chimodzi cha pulaima (penti yoyambira pansi) ndi chimodzi cha kiliya (yowalitsa pamwamba) pa hadiweya ina pa Nchalo, K11,000 chilichonse, mukudziwa kale mmene zinthu zakwerera. Bampala ya Sienta yanga inakwechedwa ndi ngolo pa msika wa Ngabu, ndiye ndinati m'malo mokwera nayo chitunda cha Thabwa kukapentetsa ku Blantyre, bola ndingopenta ndekha pakhomo.

Mnyamata wa pa kauntala ndinamufunsa mwaulemu wonse kuti, "Achimwene, pali china choti ndidziwe ndisanayambe?" Iye maso ali pa foni anangoti, "Palibe madala, mungokhutchumula n'kupopera, olo mwana atha." Munthu wokhala ku chigwa konkuno, mwezi wa Okutobala, thukuta lili kamukamu pamphumi pake pomwe, osandiuza n'komwe za dzuwa.

Loweruka cha m'ma 11 koloko ndinamasula bampala ija, kuikhazika pa mipando iwiri pabwalo, kupala, kuthira pulaima, kenako siliva. Pulasitiki inali itatentha moti dzanja silimakhalapo. Nditamaliza n'kusisita, mayo ine! Pena pokhakhala ngati ndawazapo mchenga wa mu Shire, pena tizithumbathumba ngati khungu la lalanje, ndipo pakona pamene ndinakakamira kuti paphimbike bwino penti inayenderera misozi itatu n'kuuma choncho. Kamvuluvulu nayenso anadutsa n'kusiyapo fumbi lake. Mayi a kunyumba anabwera, anayang'ana, anangoti "Mmm, bola mmene inalili muja," n'kubwerera ku khitchini.

Lolemba ndinanyamula bampala yonseyo pa njinga yamoto mpaka pa hadiweya paja. Mnyamata uja anaiwona n'kuseka, pamaso pa anthu, ati "Penti ilibe vuto iyi, vuto ndi manja anu." Kenako anandilozera chikatoni cholembedwa kuti katundu wogulidwa sabwezedwa. Chitini chimodzi chinali ndi kamutu kolavula madontho akuluakulu, ndinamupopelera pa katoni yake yomweyo kuti aone, koma olo kungondisinthira kamutuko anakana. Zimenezo ndiye zinandiwawa kuposa ndalama.

Amene anandithandiza ndi bambo wina wachikulire wokhoma ndi kupenta magalimoto, yemwe anali pomwepo akugula thina. Anandikokera pansi pa mtengo wa nimu n'kundiuza kuti, "Bwana, kuno masana penti imauma isanafike pa galimoto. Zimene zikukhakhalazi ndi penti yomwe yagwa itauma kale." Anati nanenso ndinaima patali kwambiri, pomwe pofunika ndi masentimita 20 kapena 25, ndipo pa misozi paja ndinaimitsa dzanja. Kunena zoona, apa ndiye mkwiyo wanga pa pentiyo unayamba kuzizira. Kuseri kwa chitini kulidi timalemba ting'onoting'ono toletsa kupopera padzuwa, ine sindinawerenge.

Ndinatsata mmene ananenera. Ndinaisiya masiku anayi kuti ilimbe, kenako ndinaviika sandipepa wa 800 m'madzi a sopo, kumukulunga pa kathabwa kosalala, n'kupala pang'onopang'ono mpaka misozi ndi mchenga uja zitafanana ndi pena ponse. Ndi zala zokha ayi, zimasiya mizere. Tsiku lopopera ndinadzuka 5 koloko kusanatenthe, ndinawaza madzi pansi pa khonde kuti fumbi lisadzuke, ndinakhutchumula chitini mphindi ziwiri zathunthu. Ndinapopera mopyapyala katatu, kudikira mphindi 10 pakati, dzanja likuyenda osaima mpaka kupyola m'mphepete. Kiliya kawiri. Bamboyo anachenjeza kuti siliva womaliza asapalidwe, amachita mawangamawanga, chopala ndi kiliya basi. Patatha sabata ndinadutsitsa 1500 kenako 2000, zonse ndi madzi, n'kupukuta ndi polishi yokwecha pa nsanza yofewa ya malaya akale. Mkono unauma, koma khungu la lalanje lija linatha, mpaka nthambi za mtengo zikuoneka m'bampalamo.

Ndiye pentiyo payokha si yoipa. Imagwira bwino pa pulasitiki, kiliya wake amawala ndithu, ndipo papita miyezi iwiri ikuwombedwa ndi dzuwa la kuno sinasuwe kapena kusendeka. Nyenyezi ziwiri ndachotsa chifukwa cha kamutu kolavula kaja, komanso siliva wake ndi woyererako pang'ono kuposa wa galimoto, mukaima chapambali madzulo mumaona kusiyana. Zitini zina ziwiri zowonjezera ndinachita kutuma kondakitala wa minibasi kuti akandigulire ku Limbe. Pa hadiweya ija ndimadutsa tsiku lililonse, ndipo mnyamata uja dzana anandikodola kuti abweretsa mtundu wina wa siliva. Ndinangoimba huta n'kupitirira.