Wolera wa pakhomo kapena sukulu ya mkaka?

Lamulo la ntchito ku Malawi limati mayi akabereka apume masabata osachepera 8, pomwe azaumoyo amati mwana ayamwe bere lokha kwa miyezi 6. Ndiye kwa khanda, wolera wa pakhomo amaposa sukulu ya mkaka. Mwana amagona nthawi yake, satengera chimfine kwa anzake, ndipo mkaka wofinya wa mayi amamwetsedwa mosathamanga. Vuto ndi loti mukachoka palibe woona zochitika. Ambiri timangotenga kamtsikana kumudzi, koyenera kukhala m'kalasi, n'kukasenzetsanso kuchapa, kuphika ndi kukolopa. Nanga mwanayo kamuyang'ana nthawi yanji? Pezani munthu wamkulu, mumulipire bwino, ndipo masiku ena muzingotulukira masana osanena.

Akafika zaka 3, ine ndimakondera sukulu, chifukwa kumeneko amamasuka pakamwa n'kuphunzira kugawana zidole ndi anzake. Koma musakopeke ndi makoma opaka utoto kapena Chingerezi choloweza. Werengani ana amene mlezi mmodzi akusamala, suzumirani m'chimbudzi, onani ngati pali mpanda ndi madzi osamba m'manja. Funsaninso zomwe amachita mwana akatentha thupi bambo ndi mayi ali kuntchito.