Tenti yotchipa itatha chaka paulendo: nsalu ndi yolimba, zipi ndiyo vuto

Mnzanga amene akukonzekera kukayenda pansi m'mapiri a Lesotho wandifunsa ngati tenti imene ndinaiyamikira nditangoigula ndikuiyamikirabe. Funsoli landichititsa kulembanso, chifukwa zimene ndinanena poyamba zinali za tenti yatsopano yomwe inali isanakumane ndi mchenga, mphepo kapena mvula yeniyeni. Tsopano yapitirira chaka ili m'chikwama changa, makamaka ku Namibia ndi ku South Africa.

Ndi tenti ya anthu awiri, yolemera pafupifupi makilogalamu 2, ndipo ili ndi nsalu ziwiri, yamkati ya neti yotchinga udzudzu ndi yakunja yotchinga mvula. Ndinaigula pa intaneti pamtengo wosafika theka la mtengo wa matenti a mayina otchuka. Zitsulo zoimikira, zomwe ndi za aluminiyamu, sizinathyoke kapena kupindika. Nsalu yakunja, imene opanga analemba kuti imapirira madzi mpaka mamilimita 3,000 pa muyeso wa mphamvu ya nsalu yotchinga madzi, sinadonthe pamvula yamabingu imene imagwa masana m'mapiri a Drakensberg nthawi ya dzinja, ndipo pamwamba pa Amphitheatre, thanthwe lalikulu la m'mapiri omwewo, pamalo okwera pafupifupi mamita 3,000, mphepo inaigwedeza usiku wonse koma sinaigwetse. Chinyezi chimasonkhana mkati mwa nsalu yakunja kukazizira, koma zimenezi zimachitika ndi tenti iliyonse, choncho sindiiimba mlandu.

Vuto lake ndi zipi ya pakhomo lamkati. Linayambira ku Sesriem, m'mphepete mwa chipululu cha Namib, kumene mchenga ndi wosalala kwambiri moti umalowa paliponse. Usiku wina ndinakoka kachitsulo kotsekera mpaka kumapeto, koma nditawalitsa tochi ndinaona kuti mano a zipi atseguka m'mbuyo mwa kachitsuloko. Ndinabwezera ndi kukokanso pang'onopang'ono, ikatseka pang'ono kenako n'kutsegukanso pokhota. M'dera limene muli zinkhanira, khomo losatseka si nkhani yoseketsa, ndipo usiku umenewo ndinamanga malo otsegukawo ndi mapini, tulo osabwera.

Poyamba munthu amaganiza kuti mano ndiwo awonongeka, pamene chimene chimatha ndi kachitsulo kotsekera. Mkati mwake muli kanjira kopapatiza kamene kamakanikiza mizere iwiri ya mano kuti ilumane. Mchenga ukalowa umapala chitsulocho nthawi iliyonse imene munthu watsegula kapena kutseka, kanjirako n'kukula, mano n'kusiya kulumana. Zipi za matenti zimadziwika ndi manambala osonyeza kukula kwa mano m'mamilimita. Yanga ndi ya nambala 3, imene opanga amaikonda chifukwa ndi yopepuka, pamene ya nambala 5 ikanapirira nthawi yaitali popanda kuwonjezera kulemera koti msana ungakumve. Apa m'pamene ndikuona kuti wopangayo anaumira pamalo olakwika.

Woyenda wina amene anaimika tenti yake pafupi ndi yanga ku Spitzkoppe, ku Namibia, anandionetsa kufinya kumbuyo kwa kachitsuloko ndi pulayazi, pang'ono chabe mbali iliyonse. Zipi inayambanso kutseka ngati yatsopano, ndipo ndinasangalala kwambiri moti ndikanalemba tsiku limenelo ndikanauza aliyense kuti agule. Patangopita milungu yochepa inayambiranso. Chitsulo cha tizitsulo timeneti sichipirira kufinyidwa mobwerezabwereza, ndipo pamapeto pake chinang'aluka. Kupaka kandulo kapena mafuta, kumene ena amalangiza, sikuthandiza kumalo amchenga chifukwa kumangochititsa mchengawo kukakamira. Chimene chimachedwetsa vutoli ndi kutsuka mano ndi madzi ndi mswachi wakale, komanso kumasula pang'ono zikhomo za m'makona kuti nsalu isakokeke kwambiri potseka.

Wogulitsa ndiye anandikhumudwitsa kuposa zipiyo. Tenti inabwera ndi waranti ya chaka chimodzi, lomwe ndi lonjezo loikonza kapena kuisintha ikapezeka ndi vuto, ndipo ndinamulembera imelo nthawiyo isanathe, n'kutumizanso zithunzi. Yankho linachedwa, ndipo litafika linati zipi ili m'gulu la zinthu zimene zimatha chifukwa chogwiritsa ntchito, kotero waranti siikhudza. Nditaumirira anati nditumize tenti yonse kuti akaione, ndalama zotumizira zikhale zanga. Munthu amene ali kudziko lachilendo ndipo tentiyo ndiyo nyumba yake sangachite zimenezo, kuwonjezera apo mtengo wotumizira unali kuyandikira wa tenti ina. Ndinapempha kuti angonditumizira tizitsulo tiwiri totsekera. Anavomera, koma sanali kufuna kutumiza kumalo ogona alendo, ndipo nkhaniyo inangozilala. Amene anandithandiza ndi wosoka zikwama wa mumsewu ku Swakopmund, tawuni ya ku Namibia, yemwe anamasula ulusi kumapeto kwa zipi, kulowetsa kachitsulo kena ndi kusokanso, pa ndalama yosakwana ya chakudya chamasana.

Pa nkhani ya ndalama, tenti inabweza mtengo wake kalekale, chifukwa malo oimikapo tenti amakhala otchipa kuposa bedi m'nyumba za alendo, ndipo kumapiri ndi kuchipululu nthawi zina bedi kulibe n'komwe. Komabe wowerengera asaiwale ndege. Mabwalo ambiri a ndege salola zikhomo za tenti m'chikwama cholowa nacho m'ndege, ndipo makampani ambiri amalola chikwamacho kulemera makilogalamu 7 okha, choncho pandege zotchipa munthu amakakamizika kulipirira katundu wapansi, zomwe zimadya gawo la phindu lija.

Kwa mnzangayo ndayankha kuti kumapiri a Lesotho, kumene mdani ndi mphepo ndi kuzizira osati mchenga, tentiyi imukwanira, bola atenge tizitsulo tapadera ta nambala 3, singano ndi ulusi wolimba. Wopita kuchipululu kwa miyezi ndingamuuze kuti awonjezere ndalama agule ya zipi yaikulu. Ine ndipitiriza kuigwiritsa ntchito mpaka nsalu itatha, koma ina sindidzagulanso kwa wogulitsa ameneyu, chifukwa waranti imene imafuna kuti ulipire mtengo wa tenti yatsopano kuti akuonere yakale ndinailipira pachabe.