Wi-Fi yasowa pa laputopu: Network reset, driver, dongle kapena khadi lina?

Ndinagulapo dongle ya Wi-Fi, kachipangizo kolowetsa pa USB kokokera Wi-Fi, chifukwa cha kaswichi. Laputopu yanga yakale inali ndi kaswichi kakang'ono m'mbali, pafupi ndi polowetsa mahedifoni, ndipo tsiku lina kanakankhika pomwe ndimailowetsa m'chikwama, ine osadziwa. Masiku awiri athunthu ndinali kalikiliki, kuchotsa ichi, kuikanso icho, mpaka ndinagamula kuti khadi la Wi-Fi, kachipangizo ka mkati mwa laputopu kogwira Wi-Fi, lafa. Kaswichi kaja ndinadzakaona patatha sabata ndikupukuta fumbi, dongle nditagula kale. Chiyambire pamenepo, munthu akati Wi-Fi yake sikugwira, ndimayamba ndamufunsa kuti sikugwira motani.

Mawu akuti "sikugwira" amabisa matenda atatu. Pali pamene kachizindikiro ka Wi-Fi kasoweratu, ngati laputopuyo sinakhalepo ndi Wi-Fi chibadwire. Pali pamene ikuona ma netiweki ena koma yanu osaiona, kapena ikuiona koma ikukana kulumikizana nayo. Ndiye pali pamene yalumikizana bwinobwino koma masamba sakutseguka. Njira zinayi zimene timakonda kulangizana, Network reset, kuikanso driver (pulogalamu imene Windows imayendetsera khadi), dongle ya USB ndi kusintha khadi la mkati, iliyonse ili ndi nthenda yake imene imachiza, ndipo zinazo siizikhudza n'komwe.

Zonse zinayi zidikire kaye. Yang'anani pa mzere wapamwamba wa kiyibodi batani lojambulidwa kandege kapena kamlongoti. Pa ma laputopu ambiri a HP limakhala F12, pa ena F2 kapena F8, ndipo nthawi zina limafuna kudinidwa limodzi ndi Fn. Dinaninso batani la Windows limodzi ndi A muone ngati Airplane mode siyoyatsa. Mukatero yambitsaninso laputopu, koma musankhe Restart, osati Shut down. Apa ndi pamene ambiri timapusitsika. Kuyambira pa Windows 8, mu 2012, muli chinthu chotchedwa Fast Startup: mukadina Shut down, kompyuta imasunga phata la Windows ndi ma driver pa disiki momwe zinalili kuti idzayake msanga. Driver ikagona itasokonezeka imadzukanso ili chisokonezekere. Restart ndiye imayambitsa zonse mwatsopano.

Kenako yatsani hotspot pa foni mulumikize laputopu. Ikagwira, masamba n'kutseguka, khadi lanu lili moyo ndipo vuto lili pa rauta kapena pakati pa rautayo ndi laputopu. Zulani rauta ku magetsi, dikirani pang'ono, ilumikizeninso. Pa laputopu dinani Forget pa netiwekiyo mulembenso pasiwedi. Ngati foni nayonso ikulephera pa rauta yomweyo, laputopu isiyeni, ilibe mlandu.

Tiyambe ndi Network reset, chifukwa ndi imene aliyense amaitchula poyamba. Pa Windows 11 ili mu Settings, Network & internet, Advanced network settings. Pa Windows 10 ili m'munsi mwa tsamba la Status. Imachotsa zolumikizira zonse za netiweki, kuziikanso, n'kubwezera makonzedwe momwe anabwerera, ndipo kompyuta imadziyambitsanso pakatha mphindi 5. Ubwino wake ndi wakuti sifuna nzeru zambiri, mumangodina batani limodzi. Imathandizadi pa nthenda yachitatu ija, makamaka ngati vuto linayamba mutachotsa VPN (pulogalamu yobisa kulumikizana kwanu pa intaneti) kapena antivirus, kapena wina atalemba pamanja manambala a IP, omwe ndi adiresi ya laputopu pa netiweki. Koma imakulandaninso zina. Mapasiwedi onse a Wi-Fi amene laputopu inasunga amapita, ndipo VPN ya kuntchito ingafunike kuikidwanso. Ndipo ngati driver ndi imene ili yoipa, Network reset imabwezeretsa yomweyo yoipayo. Ngati khadi silikuoneka n'komwe, ilibe choti ibwezeretse.

Ine ndimakonda kudutsira kaye ku Command Prompt, malo olembamo malamulo mu Windows, yotsegulidwa ndi Run as administrator, chifukwa kumeneko laputopu imakuuzani pamene pakupweteka. Lembani ipconfig. Ngati nambala ya IPv4 ikuyamba ndi 169.254, ndiye kuti rauta sinapatse laputopu adiresi, Windows yangodzipatsa yokha. Mankhwala ake ndi ipconfig /release kenako ipconfig /renew, zikakanika muyambitsenso rauta. Ngati adiresi ili bwino, lembani ping 8.8.8.8, yomwe ndi seva ya Google. Ikamayankha koma masamba osatseguka, intaneti ilipo, chimene chafa ndi DNS, yomwe imasandutsa mayina a masamba kukhala manambala. Pamenepo ipconfig /flushdns, kapena kusintha DNS kukhala 8.8.8.8 kapena 1.1.1.1 ya Cloudflare, kumakwanira. Palinso netsh winsock reset, imene imagwira gawo la ntchito ya Network reset osakhudza mapasiwedi anu. Kuthamangira Network reset musanayese izi kuli ngati kutentha nyumba pofuna kupha khoswe. Ponena za troubleshooter ya Windows, yeserani, siwononga kanthu, koma nthawi zambiri imangozimitsa khadi n'kuliyatsanso.

Njira ya driver ndi yotopetsa kuposa Network reset, koma pa nthenda yoyamba ija, ya kachizindikiro kosowa, ndi imene ndimaiika patsogolo. Dinani Windows ndi X, tsegulani Device Manager, mupite pa Network adapters. Fufuzani dzina lokhala ndi mawu akuti Wireless, Wi-Fi kapena 802.11. Kawirikawiri limayamba ndi dzina la opanga khadi monga Intel, Realtek, Qualcomm, MediaTek kapena Broadcom. Mukaona kamuvi koloza pansi, khadi langozimitsidwa, dinani Enable device basi. Mukaona kachizindikiro kachikasu, nthawi zambiri kokhala ndi Code 10 kapena Code 43 mkati, driver yakanika kudzutsa khadi. Mukapeza Network Controller pansi pa Other devices, khadi lilipo koma lilibe driver, zomwe zimachitika kwambiri munthu akangoika Windows mwatsopano.

Apa pali mabatani atatu opikisana, ndipo limene limaoneka lanzeru ndi limene lili lopanda pake. Update driver, mukasankha kuti ifufuze yokha, imangoyang'ana zimene zili kale mu kompyuta n'kukuuzani kuti driver yabwino ilimo kale. Roll Back Driver ndiye yothandiza ngati Wi-Fi inafa itangotha update, chifukwa imabwezera driver ya dzulo, ngakhale batanilo limakhala lozilala ngati yakaleyo sinasungidwe. Uninstall device kenako Restart imachititsa Windows kulizindikiranso khadi ngati lachilendo. Koma chenjerani ndi kabokosi kofunsa ngati mukufuna kuchotseratu driver. Musakachonge musanakhale ndi ina m'manja, chifukwa mungatsale opanda yakale, opanda yatsopano, opandanso intaneti yoti muitengere. Driver yeniyeni itengeni pa tsamba la opanga laputopu, pogwiritsa ntchito nambala ya modelo imene imalembedwa kunsi kwake, kapena pa tsamba la opanga khadi. Mapulogalamu aja olonjeza kukonza ma driver onse nthawi imodzi ndimawapewa, ambiri amabweretsa zinyalala kuposa thandizo.

Mudakali momwemo, ngati vuto lanu ndi Wi-Fi yodukaduka laputopu ikagona kapena ikakhala pa batire, tsegulani Properties ya khadi. Ngati pali Power Management, chotsani chizindikiro pa mzere wolola kompyuta kuzimitsa khadi pofuna kusunga mphamvu. Ndipo ngati khadi likuoneka lathanzi koma mndandanda wa ma netiweki kulibe, lembani services.msc pofufuzira pa Start muone ngati WLAN AutoConfig ikuyenda. Ikaima imeneyo, Windows saona Wi-Fi iliyonse ngakhale khadi likhale latsopano.

Mwina mukuti, driver ndiitenga bwanji popanda intaneti? Foni ndi chingwe chake cha USB. Pa Android mumangoyatsa USB tethering, yogawira laputopu intaneti ya foni, Windows n'kuiona ngati chingwe cha netiweki. iPhone imafuna kuti mu kompyuta mukhale kale pulogalamu ya Apple, ndiye ngati mulibe, tsitsirani driver pa kompyuta ina muitengere pa fulashi. Chingwe cha Ethernet chochokera ku rauta chimaposa zonsezi ngati laputopu ili ndi polowetsa pake. Tethering ndi yowolokera chabe, si yokhalira, chifukwa Windows ikangonunkhiza intaneti imayamba kutsitsa ma update n'kumaliza bandulo. Muyatse Metered connection kuti Windows isadye bandulo kwambiri.

Tsopano tinene kuti khadi silikuoneka paliponse, mwayang'ana mu BIOS, makonzedwe a laputopu amene mumalowamo Windows isanayake, ndipo Wireless ndi yoyatsa. Kapena likugwira koma ndi lokalamba. Mu Command Prompt lembani netsh wlan show drivers muone mzere wa Radio types supported. Ngati pali 802.11b, g ndi n zokha, popanda a, ac kapena ax, khadilo limangomva mafunde a Wi-Fi a 2.4 GHz. Netiweki ya 5 GHz silidzaiona ngakhale mupange reset kakhumi. N'chimodzimodzi ndi rauta yoikidwa pa WPA3 yokha, chitetezo chimene chinatuluka mu 2018: makhadi ambiri akale amangodziwa WPA2 ya mu 2004, ndiye amaiona netiweki koma n'kukana kulowa. Ngati rauta ndi yanu, yatsani 2.4 GHz kapena sankhani WPA2 ndi WPA3 zosakaniza, nkhani yatha. Ngati si yanu, mwatsala ndi dongle kapena khadi lina.

Dongle imapambana pa kuphweka. Simutsegula laputopu, simutaya waranti, ndipo mutha kuisamutsira pa kompyuta ina. Kupitirira apo imayamba kugonja. Tating'ono tija tongotulukira pang'ono tili ndi eriyo yochepa ngati njere, ndipo tambiri totsika mtengo timangogwira 2.4 GHz, ndiye mungagule nthenda yomwe mumaithawa. Zazikulu zokhala ndi mlongoti zimakoka bwino koma zimathyoka, kapena kuthyola polowetsa pake, laputopu ikagundidwa. Zimatentha mukamatsitsa zinthu zazikulu, zimakudyerani polowetsa USB pamodzi, ndipo zina zimafunanso driver yawoyawo. Zipangizo za USB 3.0 zolumikizidwa pafupi zimasokonezanso 2.4 GHz, moti disiki yakunja ikakhala moyandikana ndi dongle, intaneti imatha kuyamba kutsimphina. Amene muli pa Linux m'malo mwa Windows, fufuzani kaye chip imene ili mkati mwa dongle musanagule, chifukwa zina zimagwira pompo, zina zimakusowetsani tulo.

Kusintha khadi la mkati anthu amakuopa mopitirira muyeso. Pa ma laputopu ambiri ndi kakhadi ka M.2 2230, kapena mini PCIe pa akale, komangidwa ndi sikuluwu imodzi, ndi tinthambo tiwiri, kakuda ndi koyera kapena kotuwa. Tinthambo timeneto timadutsa mu hinji kukafika ku ma eriyo obisika m'chivindikiro, kuzungulira sikirini. Apa ndi pamene khadi limaposera dongle: limagwiritsa ntchito ma eriyo aakulu, ali pamwamba, amene munawalipira kale pogula laputopu. Khadi la Wi-Fi 6 limabweranso ndi Bluetooth yatsopano, ndipo kunja sikulendewera kanthu.

Misampha yake ilipo, ndipo si yochepa. Ma laputopu ambiri opyapyala khadi lawo ndi lowotcherera pa bolodi, silichoka. Ena akale a Lenovo ndi HP ali ndi mndandanda mu BIOS wa makhadi ololedwa, moti mukaika lachilendo amakana kuyaka. Makhadi ena a Intel, monga AX201, amadalira gawo lina limene lili mu chipset ya Intel, ndiye sagwira pa laputopu ya AMD, pomwe AX200 ndi lodziimira palokha. Nambala imodzi yokhayo yasokeretsa ambiri. Musanakhudze chilichonse zulani chaja ndi batire, ndipo tinthambo tija muzitikweza molunjika m'mwamba, chifukwa timitu take ndi tosachedwa kuthothoka.

Pali malo amodzi pamene dongle imaposa khadi latsopano poyera. Ngati laputopu imagwira Wi-Fi mukakhala pafupi ndi rauta koma mukangolowa chipinda china n'kusowa, pomwe foni ikugwira bwino, kayikirani eriyo. Mwina kanthambo kangochoka pa khadi, kongofunika kukakanikiza. Koma ngati kaduka mkati mwa hinji chifukwa chotsegula ndi kutseka zaka zambiri, khadi latsopano lidzakhala logontha ngati lakale lomwe, ndipo kusintha eriyo kumafuna kuphwasula sikirini yonse. Pamenepo dongle, yokhala ndi eriyo yakeyake, ndiye yanzeru. N'chimodzimodzi ngati khadi ndi lowotcherera, kapena laputopu ndi ya kuntchito yosaloledwa kutsegula.

Musanatulutse ndalama pa chilichonse mwa ziwirizi, pali njira ina yotsimikizira ngati khadi lafadi. Yatsani laputopu kuchokera pa fulashi ya Ubuntu, mtundu wina wa Linux, osaiika pa disiki. Wi-Fi ikagwira mmenemo, khadi lili bwino, bwererani ku driver ya Windows. Ikapanda kugwira, tsegulani Terminal, malo olembamo malamulo mu Ubuntu, mulembe rfkill list. Ikanena kuti Soft blocked: yes, rfkill unblock wifi imatsegula. Ikanena kuti Hard blocked: yes, ndiye kuti pali swichi, batani kapena BIOS imene yatseka. Ndikanadziwa zimenezi kale, kaswichi kanga kaja ndikanakapeza tsiku loyamba. Makhadi ena a Broadcom sagwira pa fulashiyo mpaka mutaika driver yawo kuchokera mu Additional Drivers, ndiye lembaninso lspci muone ngati khadi likutchulidwa musanaligamule kuti lafa.

Dongle ija ndikadali nayo mu dilowa. Wina akabwera ndi laputopu yoikidwa Windows mwatsopano yopanda driver ya Wi-Fi, ndimailowetsa, timatsitsa driver ya khadi lake, kenako ndimaizula n'kuibwezera mu dilowa momwemo.