Mfuti ya masewero a pa TV imene ndinagula pafupi ndi msika wa Zomba

Mwezi watha ndinagula kachipangizo ka masewero a pa TV m'sitolo ina yaing'ono pafupi ndi msika waukulu wa Zomba, ndipo chimene chinandikopa sichinali chiwerengero cha masewero cholembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pa katoni, koma mfuti ya pulasitiki imene inali m'katimo. Ife amene tinakula m'zaka za m'ma 1990 timakumbukira tizipangizo totere, tokhala ndi makatiriji (timabokosi tosungiramo masewero) achikasu, timene tinkasonkhanitsa ana a mzere wonse wa nyumba pabalaza limodzi, aliyense akudikira nthawi yake yowombera abakha. Ndinkafuna kuti ana anga kunyumba ku Matawale alaweko chimene ife tinkasangalala nacho.

M'katonimo munali makina enieniwo, zogwirira ziwiri, mfuti, katiriji imodzi, adaputala ndi nthambo yolumikizira ku TV. Dzina la wopanga silinalembedwe paliponse, koma n'zoonekeratu kuti makinawa anatengera Famicom, imene kampani ya Nintendo inatulutsa ku Japan mu 1983, ngakhale kuti si a Nintendo ayi. Masewero a mfuti alimo atatu, Duck Hunt, Wild Gunman ndi Hogan's Alley, onse a mu 1984.

Tsiku loyamba linali lokhumudwitsa. Nditalumikiza ku TV yathu yopyapyala ya masiku ano, chithunzi chinaoneka, nyimbo inamveka, abakha nkumauluka, koma ngakhale tinayandikira mpaka mfuti kugunda galasi, palibe bakha ngakhale mmodzi amene anagwa. Wogulitsa sanandichenjeze chilichonse, choncho ndinaganiza kuti andigulitsa katundu wakufa. Ndisanabweze, ndinapita ndi kachipangizoko kwa mkulu wina wokonza mawailesi ku Chinamwali, amene anangoyang'ana mfutiyo nkunena kuti, "Bambo, mfuti yanuyi ilibe vuto, koma imafuna TV yakale ija ya chimsana." Anailumikiza ku TV yakale imene inali pashelefu yake, ndipo bakha woyamba anagwa nthawi yomweyo.

Chifukwa chake n'chofunika kuti wogula aliyense achidziwe. Mfutiyi situlutsa kuwala kulikonse, koma imakulandira, pakuti m'kati mwa mpope wake muli kadiso kamagetsi kamene kamazindikira kuwala. Munthu akakhethemula, galasi lonse la TV limada kwa kanthawi kosafika pa kuphethira kwa diso, kenako pamene pali bakha pamaoneka kabokosi koyera, ndipo ngati kadisoko kaona kuyerako pa nthawi yake yeniyeni, makina amadziwa kuti mwalasa. TV zakale zimaonetsa chithunzi nthawi yomweyo pamene makina achitumiza, pomwe zopyapyalazi zimayamba zachikonza kaye, ndipo kuchedwa kwakung'onoko n'kokwanira kuti kadiso kayang'ane nthawi itadutsa kale. Mukaonetsetsa bwino posewera, mudzaona kuthwanima kumeneku nthawi iliyonse imene mwawombera.

Chimene chimandichititsa kulemekeza kamfuti kotsika mtengoka ndi mbiri imene ili kumbuyo kwake, chifukwa nzeruyi inabadwira m'nyumba za masewero olipira ndalama zachitsulo, masewero a pa TV asanakhaleko n'komwe. Mu 1936 kampani ya Seeburg ya ku Chicago inatulutsa makina otchedwa Ray-O-Lite, ndipo chowombera chake chinali bakha yemweyu, koma zinthu zinali zotembenuka: mfuti ndiyo inkatulutsa kuwala, pomwe kadiso kanali pa bakha woyendayo. Mu 1973 Nintendo inaika masewero owombera mbale zouluka m'nyumba zimene kale zinali za masewero a bowling (ogwetsa timitengo pogubuduza mpira) ku Japan, ndipo mu 1974 inatulutsa Wild Gunman woyambirira, amene ankaonetsa filimu ya munthu weniweni wosolola mfuti. Pambuyo pake kunabwera makina aakulu monga Operation Wolf a kampani ya Taito mu 1987, Virtua Cop a Sega mu 1994, ndi Time Crisis a Namco mu 1995, amene anali ndi chopondera choti wosewera azibisala ndi kutulukira. Kamfuti kanga ndi mdzukulu wosauka wa makina amenewo, koma magazi ake ndi omwewo.

Nditabwereka TV yakale kwa alamu anga, tinasewera mokwanira kuti ndiweruze. Duck Hunt ndiye mwini bwalo. Gawo lililonse lili ndi abakha 10, mumapatsidwa zipolopolo zitatu nthawi iliyonse akauluka, ndipo mukamapita patsogolo abakhawo amawonjezera liwiro. Galu amene amatuluka mu udzu nkukusekani mukaphonya amawawitsa mtima lero monga ankachitira kale, ndipo mwana wanga wamng'ono, amene ndinkaganiza kuti atopa msanga poti anazolowera masewero a pa foni, anakana kusiya mpaka atamuona galuyo atanyamula abakha awiri. Ambiri sadziwa kuti pa sewero la bakha mmodzi, munthu wachiwiri akhoza kuyendetsa bakhayo ndi chogwirira, ndipo zimenezi zinathetsa mkangano wolimbirana mfuti pakati pa ana. Hogan's Alley ndimaikonda chifukwa imafuna kuganiza musanakhethemule, popeza pakati pa zigawenga pamaonekanso wapolisi ndi anthu osalakwa. Wild Gunman ndi yaifupi ndipo imatopetsa msanga.

Zofooka zilipo ndithu. Pulasitiki ya mfutiyo ndi yopepuka kwambiri, pokhethemulira payamba kale kulimba patangotha milungu itatu, ndipo nthambo yake ndi yaifupi moti munthu amakakamizika kuyandikira TV kuposa mmene seweroli limakomera. Adaputala imatentha ikagwira ntchito nthawi yaitali, motero timaizula tikangomaliza, komanso magetsi akazima timaizula asanayakenso. Masewero zikwizikwi olonjezedwa pa katoni ndi ochepa omwewo obwerezedwa ndi mayina osiyana. Masana dzuwa likamawala pa galasi mfuti imasokonezeka, choncho makatani ayenera kutsekedwa.

Kwa amene ali ndi TV yakale yogwira ntchito, kapena angathe kuipeza kwa okonza mawailesi, ndikuti gulani, koma pemphani wogulitsa ayese mfutiyo pamaso panu musanapereke ndalama. Kwa amene ali ndi TV yopyapyala yokha, masewero a zogwirira adzayenda koma mfutiyo idzangokhala chidole. Ine ndagwirizana kale ndi mkulu wa ku Chinamwali uja kuti andisungire TV inali pashelefu ija mpaka kumapeto kwa mwezi, kuti ya alamu anga ibwerere kwawo.